Mapanga awiri avumbwitsa: ofuna mpando wa Ontario atiuze poyera mbali yawo pa nkhani yochotsa mimba

Chisankho chikamayandikira kuno ku Ontario, ife Amalawi ndi abale athu a ku Zambia okhala ku Scarborough, Brampton, Mississauga ndi Etobicoke timayamba kulandira alendo. Munthu amene chaka chonse sanatipatseko ndi moni yemwe, mwadzidzidzi amapezeka pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi mwathu. Pa chikondwerero chathu cha 6 Julayi amasamba m'manja, n'kudya nsima ndi ife, n'kujambulitsa chithunzi. Akaimirira kuti alankhule amadziwa potigwira. Amati ife ochokera ku Africa timalemekeza banja, timaopa Mulungu, timakonda ana, ndipo iye ali nafe limodzi. Mawu oti kuchotsa mimba sawatchula, koma aliyense m'chipindamo amamva chimene akutanthauza. Pakapita masabata awiri, munthu yemweyo timamuona pa wailesi ya kanema akutsimikizira atolankhani kuti nkhaniyo inatha kalekale ndipo iye sadzaikhudza.

Tatopa nawo mchitidwe umenewu. Munthu amene akufuna kukhala nduna yaikulu ya chigawo chino, kapena phungu amene akufuna kukhala pafupi ndi mpandowo, anene poyera chimene amakhulupirira pa nkhani yochotsa mimba ndi chimene adzachite akapatsidwa mphamvu. Kukhala chete kuti apambane si nzeru. Ndi chinyengo, ndipo onyengedwa oyamba ndife.

Sitikunena zongoganizira. Mbiri ya zaka zapitazi ili poyera, ndipo mayina ake ndi odziwika.

A Patrick Brown, amene lero ndi meya wa Brampton, anali phungu wa Barrie ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Ottawa kuyambira 2006. Mu 2012, phungu wina, a Stephen Woodworth, anabweretsa pempho lotchedwa Motion 312, loti nyumbayo iunikenso funso loti mwana wosabadwa amayamba liti kuwerengedwa ngati munthu pamaso pa lamulo. Aliyense ankadziwa kumene pemphoro linkalowera. Linagwa ndi mavoti 203 kwa 91, ndipo a Brown anali mmodzi wa 91 aja. Mu Meyi 2015 anapambana utsogoleri wa chipani cha Progressive Conservative cha Ontario, kugonjetsa a Christine Elliott. Mwa amene anawakweza munali magulu odana ndi kuchotsa mimba komanso anthu obwera kuchokera kumaiko ena, amene analowa chipani mwaunyinji kuti awavotere. Atangokhala mtsogoleri, maso awo atayang'ana mpando wa nduna yaikulu, nyimbo inasintha. Pofika Okutobala 2017, a Brown yemweyo ankalengeza kuti ali kumbali ya ufulu wa mayi wosankha yekha.

Pakati pa zaka zimenezi panachitika chinthu chimene ife a ku Scarborough sitiyenera kuiwala. Mu Ogasiti 2016, pa chisankho chapadera cha dera la Scarborough–Rouge River, m'makomo munafika kalata ya dzina la a Brown, m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, yolonjeza kuthetsa maphunziro atsopano a zogonana m'sukulu. Kalatayo inalembedwera makolo obwera ngati ife. Itangofika m'manja mwa atolankhani, a Brown anaibweza, n'kunena kuti kunali kulakwitsa. Makolo a ku Scarborough anauzidwa china, owerenga nyuzipepala anauzidwa china, zonse m'sabata imodzi.

A Doug Ford nawonso anayenda njira yomweyo. Polimbirana utsogoleri wa chipani mu Marichi 2018, anadandaula poyera kuti mtsikana wosakwana zaka akhoza kuchotsa mimba makolo osadziwa, pamene ulendo wa sukulu umafuna chilolezo cha kholo. Anapambana mwapang'ono, ndipo amene anawaolotsa anali otsatira a Tanya Granic Allen, mayi wodziwika ndi kudana ndi kuchotsa mimba. Pofika Meyi chaka chomwecho, a Ford anawachotsa mayiwo pa mndandanda wa oimira chipani ku Mississauga Centre, atatulukira mawu amene analankhula kale onyoza amuna kapena akazi okondana okhaokha. Mu Juni a Ford anakhala nduna yaikulu, ndipo kuyambira pamenepo yankho lawo lakhala limodzi: boma lawo silidzatsegulanso nkhaniyi.

Koma m'chipani mwawo muli a Sam Oosterhoff, phungu wa Niagara West, amene analowa nyumba ya malamulo ya Queen's Park mu 2016 ali ndi zaka 19. Mu Meyi 2019 anaimirira pabwalo la nyumbayo pamaso pa khamu la odana ndi kuchotsa mimba, n'kulonjeza kumenya nkhondo kuti mchitidwewu ufike posaganizirika n'komwe m'badwo uno usanathe. Mu Juni 2024 a Ford anawapatsa unduna. Ife sitigwirizana ndi a Oosterhoff ngakhale pang'ono, koma chimodzi tiwavomereze: sanatibisire. Tikudziwa pamene aima, ndipo tikhoza kulimbana nawo maso ndi maso. Amene amatidetsa nkhawa ndi anthu a mtundu wa nanzikambe, obiriwira akakhala pa tsamba, ofiirira akatsikira pa dothi.

Ena mwa abale athu amatiuza kuti tikudzivutitsa chabe. Amati kuno si ku America. Munthu wodana ndi kuchotsa mimba sangapambane chisankho ku Ontario, n'chifukwa chake onse amafewa akayandikira mpando. Amati kufewako ndi umboni woti ufuluwu ndi wotetezeka. Maganizo amenewa ali ndi mabowo atatu, ndipo tiwaonetse limodzi limodzi.

Bowo loyamba ndi loti ku Ontario nduna yaikulu sitimaisankha mwachindunji monga momwe kwathu timavotera pulezidenti. Timasankha aphungu 124, ndipo mtsogoleri wa chipani chimene chapeza mipando yambiri ndiye amalamulira. Mtsogoleriyo amasankhidwa ndi mamembala a chipani, anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha chigawo chonse. Mtsogoleri akatula pansi udindo pakati pa nyengo, wolowa m'malo mwake amakhala nduna yaikulu popanda inu ndi ife kuponya voti. A Ernie Eves analowa motero mu 2002. A Kathleen Wynne analowa motero mu Febuluwale 2013. Choncho funso loti "angapambane kodi?" limayankhidwa kaye m'chipinda chaching'ono, momwe gulu lodzipereka la anthu masauzande ochepa likhoza kupendeketsa sikelo. Ndi chifukwa chake alendo aja amabwera kumatchalitchi kwathu ndi mafomu a umembala. Pa chisankho chachikulu cha mu 2022, oponya voti sanakwane ndi theka lomwe la oyenera kuvota. Amene akudalira kuti khamu lidzatchinga, akudalira khamu limene silituluka m'nyumba.

Bowo lachiwiri ndi lalikulu. Ku Canada kulibe lamulo lonena kuti mayi ali ndi ufulu wochotsa mimba. Chimene chinachitika n'choti pa 28 Januwale 1988, khothi lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa dokotala Henry Morgentaler, linagwetsa gawo la lamulo limene linkaletsa. Boma la a Brian Mulroney linayesa kubweretsa lamulo lina, koma mu Januwale 1991 linafera m'nyumba ya Senate mavoti atafanana, 43 kwa 43. Kuchokera pamenepo kuchotsa mimba kumaonedwa ngati chithandizo cha zaumoyo monga china chilichonse. Ndipo zaumoyo zili m'manja mwa zigawo. Nduna yaikulu ya chigawo sifunika kuletsa kanthu. Ingotseka mpopi wa ndalama, basi.

Taziona zimenezi m'dziko lomwe lino. Ku Prince Edward Island, kwa zaka zoposa 30, mayi ankayenera kuoloka kupita kuchigawo china chifukwa pachilumbapo panalibe chipatala chochita ntchitoyi. Zinasintha mu 2017. Ku New Brunswick, ndondomeko yotchedwa Regulation 84-20 inkaletsa boma kulipira chithandizochi kunja kwa zipatala zikuluzikulu, mpaka kiliniki ya ku Fredericton inatseka kumayambiriro kwa 2024. Chiletsocho chinachotsedwa mu Novembala 2024, boma litasintha ndipo a Susan Holt atalowa. M'zigawo ziwirizi palibe amene ananena kuti watsegulanso nkhani. Anangokhala chete, khomo lili chitsekere.

Kuno ku Ontario zinthu zimene amayi amadalira zonse zinapangidwa ndi manja a andale, ndipo manja a andale akhoza kuziphwasula. Inshulansi ya boma ya OHIP imalipira chithandizochi. Kuyambira Ogasiti 2017 mankhwala a Mifegymiso amaperekedwa ulere kwa amene ali ndi khadi la OHIP. Lamulo la mu Okutobala 2017 linaika malire a mamita 50 kuzungulira makiliniki, kuti mayi asatukwanidwe kapena kutsekerezedwa polowa. Lamulolo silinabwere popanda chifukwa: mu Meyi 1992 kiliniki ya a Morgentaler ya mu msewu wa Harbord, mkati mwenimweni mwa Toronto, inaphulitsidwa ndi bomba la moto. Chilichonse mwa izi chikhoza kuchepetsedwa ndi siginecha ya nduna kapena mzere umodzi wa mu bajeti.

Ndipo ife obwera ndi amene timayamba kumva kuwawa. Pakati pathu pali ophunzira, alendo, ndi ena amene mapepala awo anatha, opanda khadi la OHIP. Mu Marichi 2020, mliri wa Covid-19 utayamba, boma la Ontario linayamba kulipira zipatala pothandiza anthu opanda inshulansi. Pa 31 Marichi 2023 ndondomekoyo inathetsedwa. Sinali yokhudza kuchotsa mimba kokha, ndipo palibe amene anatchula mawuwo poithetsa. Koma mtsikana wathu wopanda mapepala, amene watenga mimba mokakamizidwa kapena amene mimba yamuvuta, lero amayamba wawerenga madola asanagogode pa chipatala. Umu ndi momwe zinthu zimasinthira kuno: mwakachetechete, popanda mtsutso.

Bowo lachitatu tingolitchula mwachidule, chifukwa aliyense analiona. Ku America chigamulo cha Roe v. Wade chinakhala zaka 49, ndipo anthu ankati sichingagwe. Pa 24 Juni 2022 chinagwa, ndipo mphamvu zonse zinapita kwa abwanamkubwa ndi aphungu a m'zigawo, omwe aja ovota ankati maganizo awo pa nkhaniyi alibe ntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano tilankhule za m'nyumba mwathu, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Tikudziwa kuti pakati pathu ambiri ndi Akatolika, a CCAP, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekosite ndi Asilamu, ndipo ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuchotsa mimba ndi tchimo. Sitikuseka chikhulupiriro chimenecho, ndipo sitikupempha aliyense kuchisiya. Koma inu amene mumakhulupirira motero, tafunsani: a Brown anakupatsani chiyani mutawakweza? A Ford anachita nawo chiyani mayi amene anawaolotsa? Munagula umembala, munadzaza mabasi, munaponya voti, ndipo m'mawa mwake munasanduka chinthu chochititsa manyazi chimene mtsogoleri ayenera kudzipatula nacho pamaso pa atolankhani. Wandale amene amakunong'onezani m'tchalitchi n'kukukanani pabwalo sakulemekeza chikhulupiriro chanu. Akukuonani ngati makwerero, okwererapo n'kuwakankhira pansi. Pa mfundo iyi yokha, wovomereza ndi wokana tonse tiyenera kukwiya limodzi.

Ifenso sitibisa mbali yathu, popeza tikufuna ena asabise. Tikuti mayi asathamangitsidwe ndi lamulo pa nkhaniyi, ndipo chithandizo chikhale chofikirika. Sitinaphunzire zimenezi ku Canada. Tinabwera nazo kuchokera kwathu, komwe tinaona ndi maso chimene chiletso chimabala.

Ku Malawi lamulo la milandu limene anatisiyira atsamunda likugwirabe ntchito. Gawo 149 limapereka zaka 14 kundende kwa wochotsa mimba ya wina, gawo 150 zaka 7 kwa mayi mwini wake, gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Gawo 243 limalola pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Kodi chiletsochi chinathetsa mchitidwewu? Kafukufuku wa bungwe la Guttmacher Institute pamodzi ndi College of Medicine ya ku Blantyre anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, ndipo pa amayi khumi aliwonse, asanu ndi mmodzi anakumana ndi zovuta zofuna chipatala. Lamulo silinaletse kanthu. Linangosamutsa ntchitoyi kuchoka m'manja mwa dokotala kupita kuseri kwa nyumba, kwa kamtengo ka chinangwa, sopo wa ufa ndi zitsamba zosadziwika muyezo. Wolemera amakwera galimoto kupita ku kiliniki yolipira, n'kubwerako bwinobwino. Wa kumudzi amafika kuchipatala magazi atatha.

Ndani mwa ife amene sanatumizepo ndalama za maliro a mtsikana wa fomu 3, n'kuuzidwa pa foni kuti anali malungo? Tonse tinamva kunong'onezana kwa amayi kuseri kwa siwa. Tonse tinavomera bodzalo chifukwa choonadi chinali cholemera. Atsikana amenewo anali ana a m'kwaya, ana a madikoni ndi a mashehe, ana athu.

Ndipo andale a kwathu amasewera mpira womwewu. Malawi inavomereza pangano la Maputo mu 2005, limene limati mayi athandizidwe ngati wagwiriridwa, ngati mimba ndi ya pachibale, kapena ngati thanzi ndi moyo wake zili pachiswe. Komiti yapadera ya Law Commission, momwe munalinso atsogoleri a zipembedzo ndi mafumu, inaunika lamuloli n'kukonza bilu yatsopano. Mu Disembala 2016 mipingo inayenda m'misewu kuikana. Mu Marichi 2021 a Matthews Ngwale, phungu wa Chiradzulu West amene ankatsogolera komiti ya zaumoyo, anayesa kuibweretsa m'nyumba ya malamulo ku Lilongwe, ndipo aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Sanaigonjetse ndi mfundo. Anangotseka pakamwa, aliyense akuwerenga mavoti a kudera kwake. Pamene Zambia ili ndi lamulo lake kuyambira 1972, South Africa kuyambira 1996, ndipo Mozambique inafewetsa lake mu 2014, ife tikadali pa lamulo la atsamunda chifukwa aphungu athu amaopa guwa kuposa momwe amaopera manda.

Taonani kufanana kwake. Ku Lilongwe phungu amene mumtima akudziwa kuti lamulo likupha amayi amakhala chete kuti asataye mpando. Ku Queen's Park phungu amene mumtima akufuna chiletso amakhala chete kuti apeze mpando. Mphepo ikuomba mosiyana, koma nthenda ndi imodzi: munthu amayeza kaye kumene kuli mavoti, kenako n'kusankha chikumbumtima choti avale tsiku limenelo. Uku ndi uko, thupi la mayi ndi limene limasanduka chiwongoladzanja cha ngongole za ndale.

Ena adzati munthu amaloledwa kusintha maganizo. Inde, ndipo timalemekeza wosintha moona. Koma wosintha moona amafotokoza. Amanena kuti ndinavota motere mu 2012, ndinaona izi, ndinamva izi, lero ndaima apa, ndipo amanena mawu omwewo ku Brampton, ku Niagara ndi pa wailesi. Kusintha kumene kumafika ndendende tsiku limene munthu wayamba kufuna mpando waukulu, n'kusafotokozedwa, sikutembenuka mtima. Ndi kusintha malaya. Ndipo wovula malaya chifukwa kwatentha adzawavalanso kukazizira.

Tsono mlendo uja akadzabweranso, kaya ndi wa Progressive Conservative, wa Liberal, wa NDP kapena wa Green, timulandire mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu. Adye nsima. Koma asananyamuke, mmodzi wa ife, makamaka mayi, aimirire n'kumufunsa pamaso pa onse. Kodi mukadzakhala m'boma, OHIP idzapitiriza kulipira chithandizochi ndi mankhwala ake, inde kapena ayi? Kodi malire oteteza makiliniki mudzawasunga? Kodi mayi wopanda khadi la OHIP mudzamuthandiza bwanji? Kodi phungu wa chipani chanu akabweretsa bilu yochepetsa ufuluwu, inu mudzavota bwanji? Akayankha kuti nkhaniyo sadzaitsegula, timuuze kuti sitinafunse za chitseko, tafunsa za voti yake. Yankho lake tililembe, tilijambule pa foni, tiligawane m'magulu athu a WhatsApp, kuti akadzanena zina ku Mississauga tidzamukumbutse zimene ananena ku Scarborough. Mavoti a aphungu a ku Ottawa ndi ku Queen's Park amasungidwa poyera pa intaneti. Tisanakhulupirire pakamwa pa munthu, tione kaye dzanja lake linakwera liti.

Kwa abusa, ansembe, mashehe ndi atsogoleri a magulu athu, pempho lathu ndi ili: musagulitse mndandanda wa nkhosa zanu. Fomu ya umembala wa chipani isayende m'mbale ya chopereka. Ngati wandale akufuna kulankhula ndi anthu anu, alankhule mawu amene angathe kuwabwereza pa wailesi mawa lake.

Ndipo ife amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, tili ndi mawu kumenekonso. Phungu wa kwanu mumamudziwa, mwina munaphunzira naye, mwina munasonkhako pa kampeni yake. Mufunseni funso lomwelo: bilu ija ikadzabweranso, mudzalola kuti ikambidwe? Avomere kapena akane, koma ayankhe.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Vuto ndi loti pa nkhani iyi wothamangira mapanga awiri savumbwa yekha. Iye amathera pa mpando wofewa, kaya wa unduna, kaya wa umeya. Wovumbwa ndi mtsikana wa ku Chiradzulu amene akubisa magazi kwa amayi ake, ndi wophunzira wa ku North York amene akuwerenga madola usiku. Voti yathu, umembala wathu ndi mpando wakutsogolo m'tchalitchi mwathu zili ndi mtengo, ndipo mtengo wake ndi yankho lomveka. Wopanda yankho adye nsima, tim'perekeze pakhomo, apite.